Thoan Ruach ndi Ng'ombe ya Alendo

Thoan mwana wa Ruach anabadwira ku toic, kudambo lalikulu kumene Anuer amatsikira ndi ng'ombe zawo chilimwe chikawotcha msipu wa kumudzi. Dziko lakwawo, kum'mwera kwa Bentiu, ndi lathyathyathya. Phiri kulibe, mwala kulibe, ndipo munthu amatha kumera imvi asanaonepo chitunda choposa chulu. Dothi lake ndi makande akuda bii, omata mapazi m'dzinja, ong'ambika ming'alu m'chilimwe yoti thole n'kuthyokeramo mwendo. Madzi a mvula sathamanga kumeneko. Amangokwawa m'maudzu kulowera kumtsinje waukulu, ndipo kale aliyense ankadziwa mwezi womwe adzafike ndi mwezi womwe adzachoke.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu anamugoneka pansi n'kumutema mizere isanu ndi umodzi pamphumi. Sanaphethire. Mabala atapola, bambo ake anamupatsa ng'ombe yofula ya mawanga ofiira, ndipo Thoan ankaipaka phulusa la ndowe m'mawa uliwonse akuiyimbira nyimbo zopeka yekha. Kwawoko ng'ombe sinkaphedwa chifukwa cha nkhuli. Inkaphedwa pa maliro, pa ukwati kapena popepesa mizimu, ataiuza kaye chomwe ikufera. Munthu wopha ng'ombe kuti agulitse nyama ankamuona ngati wazungulira mutu.

Anthu okumba mafuta a pansi asanafike kunatsogola mfuti. Tsiku lina m'mawa ndege zinazungulira mudzi, asilikali n'kubwera pansi akuyatsa makhola. A Ruach anapsera m'khola akuyesa kumasula mathole. Ng'ombe ya mawanga ija Thoan anaiona komaliza ikukusidwa ndi zinzake kulowera kumpoto. Pomwe panali mudzi panadutsa msewu wowongoka, woundidwa m'mwamba ndi dothi lofiira lomwe malole ankakalitenga kutali. Msewuwo unadula njira ya madzi. Mbali ina inasanduka thamanda losaphwa, inayo n'kuuma mpaka udzu kuleka kumera, ndipo panalibe woti n'kumufunsa kuti makalavati anawaiwala bwanji.

Thoan anakwera lole ya ku Khartoum monga anachitira anzake ambiri. Ntchito yomwe anaipeza inali ya pamalo ophera ng'ombe. Tsiku loyamba anasanza mpaka ndulu poona ng'ombe zikugonekedwa mumzere, osatchulidwa dzina, magazi akuyenda m'ngalande. Koma m'mawa mwake anabwereranso, ndipo anakhalapo zaka zisanu ndi zitatu. Dotolo wina wokalamba wopima nyama anamukonda chifukwa cha mafunso ake, n'kumuphunzitsa kuona chiwindi, mapapo ndi impso, kuti za ng'ombe yabwino zimaoneka chonchi, za yodwala chonchi. Komweko anakwatira Nyajime, mkazi wamtali wogulitsa tiyi, wakwawo ndithu, yemwe pakamwa pake sipankasunga mawu.

Mtendere utabwera anabwerera kwawo ndi mkaziyo, mwana wamkazi dzina lake Nyabuay, ndi mipeni itatu. Ng'ombe analibe ndi imodzi yomwe. Anakhoma tebulo pansi pa mtengo wa minga pa kamsika komwe kanamera m'mbali mwa msewu wa mafuta, n'kuyamba kupha ng'ombe zogula. Akuluakulu ankalavula malovu akamadutsa, ana n'kumamutcha Wamagazi. Koma pamsikapo panali madalaivala, asilikali ndi antchito a kampani ya mafuta, ndipo onsewo ankafuna nyama.

Msika wake unali wodabwitsa. Paipi ya mafuta inkadutsa pansi, pafupi ndi tebulo la Thoan, kulunjika kumpoto. Pamwamba pake anyamata ankagulitsa dizilo wa m'mabotolo a madzi, wochokera kutali pa malole, wodula kuposa kwina kulikonse. Anyezi, shuga, mchere, sopo, zonse zinali zobwera. Za kwawo zinali mkaka, nsomba zouma, makala ndi nyama basi. Akazi ankatungira madzi m'migolo yabuluu yotayidwa ndi kampani, ina ikadali ndi chithunzi cha chigaza pambali.

Kuseri kwa msasa wa kampaniyo kunali maenje aakulu, mmene ankatayira madzi onyansa otuluka pansi limodzi ndi mafuta. Madziwo anali a mchere, ndipo ng'ombe ndi mchere n'zosalekana. Zinkagwetsa waya kuti zikamwe. Patapita zaka ziwiri Thoan anayamba kupeza zachilendo akatumbula.

Anali ndi msuweni wake, Gatkek, mwana wa amalume ake. Iyeyu anakulira kusukulu ya mishoni, pamphumi pake panalibe mizere, ndipo ntchito yake inali yopezera msasa wa kampani makala, mbuzi ndi aganyu. Tsiku lina akudutsa pamsika Thoan anamuitana.

"Gatkek, tabwera udzaone ichi."

"Ndione chiyani, Wamagazi iwe? Nsapatozi n'zatsopano, usandidonthezere."

"Chiwindi cha ng'ombe chimaoneka chonchi?"

Chinali chotupa, chotuwa, ndipo atachitsina chala chinangolowa ngati m'phala.

"Ine chiwindi ndimadya, sindicheza nacho," anatero Gatkek. "Kazinga ndi anyezi wambiri."

"Tanunkhiza."

Gatkek anaweramira pang'ono, n'kubweza mutu msanga. Chinkanunkha ngati pansi pa lole.

"Ng'ombe imeneyi imamwa ku maenje a mabwana ako," anatero Thoan.

"Mabwana anga anaika waya, anaika ndi chikwangwani. Ukufuna atsegule sukulu ya ng'ombe kuti ziziwerenga?"

"Ukawauze akwirire maenjewo."

"Ine? Msuweni, ine pakhomo pa ofesi ndimavula chipewa. Ndikayankhula za maenje, mawa makala akagula kwa wina."

Thoan anakwirira nyama yonse ya ng'ombe imeneyo kuseri kwa msika, Nyajime akumulalatira kuti akukwirira chakudya cha mwezi wathunthu. Kuyambira pamenepo anaphunzira kuzindikira ng'ombe yotero ikadali moyo: maso a misozi, ubweya wothothoka, ndowe zakuda zonata. Yotero ankaikana, mwini wake n'kukaigulitsa kwa wina kumapeto kwa msika. Abusa ena ankamumvera n'kusamutsa ng'ombe, ambiri ankati Khartoum inamudya mutu.

Nkhondo yapachiweniweni itabuka banja lonse linabisala m'mabango miyezi isanu ndi inayi, likudya nyika, mizu ya maluwa a m'madzi. Atabwerera Thoan anakhomanso tebulo pamalo pomwepo. Nkhondo anali ataizolowera. Chomwe sanachionepo ndi madzi obwera osachoka. Chaka china chigumula chinafika, chilimwe n'kudutsa madzi ali pomwepo, dzinja lotsatira n'kuwonjezera ena. Minda ya mapira inamira, makhola anamira mpaka kudenga, manda anamira. Maenje a kampani aja anasefukira n'kulumikizana ndi madzi ena onse, ndipo m'mawa dzuwa likamatuluka pamwamba pa madzi pankaoneka mitundu yonyezimira ngati pakhosi pa nkhunda. Malo ouma anatsala ndi msewu wokha. Anthu a midzi yonse anakwera pamenepo ndi ana, mbuzi ndi mapepala apulasitiki, kuphika pompo, kudzithandiza m'mphepete, kutunga madzi akumwa m'mphepete momwemo. Ng'ombe zinaima m'madzi miyezi mpaka ziboda kuwola, ndipo zinkafa mazanamazana, mitembo yotupa n'kumayandama pafupi ndi misasa.

Pa nthawiyi Gatkek anali atakwera. Ankatchedwa wolumikiza kampani ndi anthu, ankayenda pa boti la injini, mimba n'kutsogola. Tsiku lina analengeza kuti kukubwera alendo, akuluakulu ochokera ku Juba pamodzi ndi mabwana a kampani, kudzapepesa anthu ndi matumba a ufa. Kudzaphedwanso ng'ombe, ndipo wopha wake ndi Thoan.

M'mawa wa tsikulo anamanga tenti yoyera pamsewu, kuika mipando ndi tebulo la nsalu. Ng'ombe inafika ikukokedwa ndi amuna awiri, wachitatu akukankha kumbuyo. Nthiti zinali pamtunda, maso akuchucha, ubweya wa m'miyendo utathothoka kulekeza pomwe madzi ankafika.

"Imeneyi waitenga kuti?" anafunsa Thoan.

"Kwa mwini wake," anayankha Gatkek.

"Yakhala ikumwa ku maenje."

"Maenje ali kuti masiku ano? Dziko lonseli ndi dzenje limodzi. Ipha, msuweni, ndege itera posachedwa."

Thoan anaipha. Ankaganiza kuti Gatkek akaona m'kati ndi maso ake sakhala ndi chonena. Atang'amba mimba, amayi omwe ankadikira ndi mapoto anabwerera m'mbuyo atatseka mphuno ndi nsalu. Linali fungo la dizilo losakanikirana ndi la chinthu chomwe chinayamba kuwola chikadali moyo. M'chifu munali matope akuda onata. Mafuta a nyamayo anali achikasu chobiriwira. Chiwindi chinali ndi zithupsa zoyera, ndipo pochinyamula chinayamba kunyenyeka m'manja.

"Iyi n'yokwirira," anatero Thoan.

"Ukwirira pati? Waona dothi louma lokumba pano?"

"Ndiye tiitaye kutali, kapena tiiwotche. Munthu sangadye izi."

Gatkek anamukokera pambali n'kutsitsa mawu, ngati akumuuza nkhani yabwino.

"Usade nkhawa ndi alendo. Iwo sadya imeneyi, akubwera ndi chakudya chawo m'mabokosi. Iyi n'ya anthu."

Thoan anaika mpeni pansi. Anayang'ana msuweni wakeyo, munthu yemwe ankamwa naye mkaka m'chipanda chimodzi ali ana. Gatkek anayesa kuti wavomera, n'kuthamangira kukalandira ndege.

Helikopita inatera fumbi lofiira n'kukwirira mapoto. Alendo anakhala mu tenti, mabotolo a madzi ali ndandanda patebulo, mkulu wina n'kuyamba kulankhula za chitukuko ndi kuleza mtima. Thoan anaika chiwindi chija m'mbale yaikulu, n'kuyenda nacho pakati pa anthu, malaya ali magazi okhaokha. Alonda a mfuti anamupatsa njira poganiza kuti ndi mwambo wolemekeza alendo. Anafika n'kuika mbaleyo pansalu yoyera.

"Akuluakulu," anatero mokweza, "kwathu kuno mlendo ndiye amayamba kulawa. Nachi chiwindi cha ng'ombe yomwe mwatiphera. Yamwa madzi a m'maenje anu. Yambani inu, ife titsatire."

Wolankhula uja analekeza pakati. Mkulu wina anatulutsa kansalu n'kutseka mphuno. Bwana wa kampani, munthu wochokera kutsidya kwa nyanja, anafunsa womasulira kuti bamboyu akuti chiyani. Womasulirayo ananong'oneza mawu awiri atatu, bwanayo n'kumwetulira, kugwedeza mutu mothokoza, n'kutulutsa foni kujambula Thoan ndi mbale yake. Pambuyo pake zinadziwika kuti anamuuza kuti ndi mphatso ya chikhalidwe.

Thoan anatembenukira kwa anthu. Ankayembekeza kuti wina aimirira. Ena anaseka, ena anang'ung'udza, ambiri maso anali pa matumba a ufa omwe anali asanagawidwe. Alonda anamugwira, kumukokera kuseri kwa tenti, n'kumumenya ndi matako a mfuti mpaka zala ziwiri za dzanja lamanja kuthyoka. Kenako anamutsekera m'kontena yachitsulo yomwe inkagwira ntchito ya ndende. Mkulu uja anapitiriza mawu ake pomwe analekezera.

M'kontenamo munkatentha ngati m'ng'anjo. Munali chidebe chimodzi pakona, chodzadza kale ndi za omwe anatsekeredwamo iye asanabwere. Dzuwa litapendeka Thoan anamva helikopita ikunyamuka, amayi akululutira. Kenako kudzera pa kabowo ka m'mwamba kunalowa fungo la nyama yokazinga ndi anyezi, ndi phokoso la mbale ndi ana olimbirana. Anagwada pa chidebe chija n'kusanza, ngakhale m'mimba munalibe kanthu.

Anatuluka tsiku lachitatu. Nyajime anali atakhala pakhomo pa kontenayo masiku onsewo akutukwana alonda, kuwatchula mayina a amayi awo ndi a agogo awo, mpaka iwo kutopa. Gatkek ankauza anthu kuti ndi iye anakamupepesera.

Atafika ku msasa wawo wapulasitiki, Thoan anapeza Nyabuay akumudikira. Anali atakwatiwa, ali ndi ana awiri ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Anayamba kumanga zala za bambo akewo ndi timitengo.

"Nyama ija inatha?" anafunsa Thoan.

"Inatha, bambo. Ndi chikopa chomwe anawotcha n'kudya."

"Iwe unadya?"

Nyabuay anapitiriza kumanga zalazo.

"Ndikufunsa iwe. Unadya? Unapatsa ana?"

"Bambo, ana anga akhala akudya nyika miyezi inayi. Wamng'onoyu akamadzithandiza amalira. Anzawo akutafuna nyama pamaso pawo, ine ndikanawauza chiyani? Kuti agogo anu akuti ikununkha?"

Thoan anafuna kukalipa koma sanapeze womukalipira. Anangotambasula dzanja kuti mwanayo amalize kumanga.

Tebulo lake analipeza atalithyola, nkhuni zake ataphikira. Woyang'anira msika anamuuza kuti malo ake apatsidwa kwa wina. Patapita mwezi banja lonse linakwera bwato, masiku atatu akupalasa pamwamba pa minda ndi midzi, mpaka ku Bentiu, tauni yomwe tsopano inali m'kati mwa makoma a dothi, madzi ali pamwamba kuposa madenga a nyumba za m'mphepete. Mwana wa Nyabuay anabadwira kumeneko, wamng'ono, wodwaladwala. Palibe amene akananena ngati inali nyama ija, madzi, kapena njala.

Zala za Thoan zinapola mokhota. Anapeza ganyu pa doko la mabwato, kutumbula milamba ya amayi oyanika nsomba. Nsombazo zinkachokera m'madzi omwe aja, ndipo iye ankadziwa. Anangoleka kuyang'ana m'kati. Ankang'amba, kukokota, kuponya mudengu, maso ali kwina. Nyama sanaiikenso pakamwa, ngakhale kunena zoona panalibenso yoti n'kuikana.

Patatha zaka ziwiri Gatkek anatulukira padokopo, atakwinya mphuno chifukwa cha fungo la matumbo a nsomba.

"Msuweni! Ukadali moyo, Wamagazi?"

"Ukundiona."

"Mwana wanga woyamba akukwatira Loweruka. Anyamata a masiku ano sadziwa kusenda, amaboola chikopa ngati sefa. Ndikufuna dzanja lako."

"Dzanja langa ndi ili," anatero Thoan akumuonetsa zala zokhotazo.

"Aa, zakale zimenezo. Mwanayo ndi wakonso, ukakana anthu adzati chiyani?"

Thoan anapita, chifukwa mnyamatayo sanamulakwire kanthu. Ukwati unali ku Rubkona, kutsidya kwa mlatho, kunyumba ya njerwa ya mpanda. Ng'ombe yake inali yonenepa, ubweya ukuwala, linunda likugwedezeka.

"Yachokera kumpoto kwenikweni, kumalire," anatero Gatkek monyadira. "Yabwera pa lole. Za kuno sindingadyetse apongozi."

Thoan anaisisita pamsana, kuiuza chomwe ikufera monga ankachitira bambo ake, n'kuipha. M'kati munali mwaukhondo. Mafuta oyera, mapapo ofiirira bwino, chiwindi chosalala, cholimba, chonunkhira udzu. Anali asanaone chotero kwa zaka khumi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuzindikira kuti Gatkek ankadziwa bwino lomwe kusiyanitsa ng'ombe, mwinanso kuyambira tsiku lija pamsika. Anamaliza kusenda, kugawa ziwalo monga mwa mwambo, kusamba m'manja, n'kutuluka pachipata ng'oma zisanayambe. Gawo lake, khosi ndi mwendo wakutsogolo, analisiya lili pachikopa.

Nyajime anamuona akubwera manja ali lende.

"Bambo a Nyabuay, nyama ili kuti?"

"Ndaisiya."

"Inali yodwala?"

"Ayi. Inali yabwino kwambiri."

"Ndiye mwaisiyiranji?"

"Sindingadye za munthu ameneyo."

Nyajime anaika pansi mphika womwe ankatsuka.

"Inu simungadye. Chabwino. Nanga adzukulu anuwa analumbira nanu? Yoipa munakana, mwathyoledwa zala. Yabwino mwakananso. Mukufuna ng'ombe yotani, yotsika kumwamba? Gatkek mwamulanga pamenepo? Panopa akuvina, khosi lanulo adya agalu ake."

Sanadikire yankho. Anamanga nsalu m'chiuno, kutenga beseni, n'kuyenda wapansi mpaka ku Rubkona. Analowa pakati pa ovina, kupeza mkazi wa Gatkek, n'kunena kuti wabwera kudzatenga gawo la mwamuna wake. Anamupatsa, n'kuwonjezera chidutswa cha chiwindi kuti achoke msanga.

Dzuwa lisanalowe nyama inali itapsa. Nyajime anapakulira ana, anapakulira Nyabuay, n'kuika mbale ina pafupi ndi mapazi a Thoan. Iye anakhala atayang'ana kumbali mpaka msuzi kuyamba kugwirana. Kenako anakoka mbaleyo n'kudya. Inali yokoma, ndipo anaimaliza yonse, kupukuta ndi chala. M'mawa mwake analawirira kudoko, chifukwa mabwato a milamba amafika dzuwa lisanatenthe.